Abigail pa Nambala 5

Harare, 9 Meyi 1983

Wokondedwa Abigail,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Sakubva. Ine ndinafika bwino, ngakhale sitima inaima nthawi yaitali pa Rusape popanda wotiuza chifukwa. Kodi chifuwa cha amayi chatha? Undilembere zoona, osati zondisangalatsa.

Ndili ndi pempho. Mapepala ndatumizawa ndi aja ndinkazungulira nawo m'makomo a anthu akwathu pa tchuthi, kufunsa za mabanja awo. Mphunzitsi wathu wa ziwerengero kuno kukoleji akufuna kuti tiwapereke otayipa, ndipo zolemba zanga ukuzidziwa, zili ngati popalasa nkhuku. Uwatayipe pa makina a kuofesi kwanu nthawi ya nkhomaliro, ngati abwana ako a ku Paulington sangadandaule.

Kuti usasokoneze, ndikufotokozere chinthu chimodzi. Manambala ali pa mapepalapo akuoneka ofanana, koma si a mtundu umodzi. Ena ndi mayina chabe. Pa mpira goloboyi amavala 1 ndipo womwetsa zigoli amavala 9, koma sindiye kuti wina ndi wamkulu kwa mnzake. Sungawaphatikize, sungawagawe. Ena amasonyeza wotsogola ndi wotsatira, koma sanena kukula kwa mpata. Pa mayeso a Fomu 2 iwe unali woyamba, mnzako Petronella wachiwiri, koma 1 ndi 2 sizitiuza ngati unamuposa pang'ono kapena unamusiya kutali. Gawo la maphunziro pa mapepalawo ndi lotero.

Mtundu wachitatu ndi wa chaka chobadwa, kapena wa kutentha kwa tsiku. Mipata yake ndi yofanana, kuchoka 1960 kufika 1961 n'chimodzimodzi kuchoka 1980 kufika 1981, koma ziro wake ndi wongopangana. Ku Bvumba kukazizira mpaka pa ziro sindiye kuti kutentha kwatheratu. Otsiriza ndi amene ali ndi ziro weniweni, monga chiwerengero cha ana kapena cha zipinda. Wa zipinda zinayi ali ndi zowirikiza kawiri za wa zipinda ziwiri, ndipo ziro ndiye kupanda.

Gawo la ubale ndi la mtundu woyamba uja, mayina chabe. Mutu wa banja ndi 1, mkazi wake 2, mwana 3, mdzukulu 4, wachibale wina 5, wa lendi kapena mlendo 6. Mndandandawu uli m'buku la mphunzitsi, ine ndangoumasulira. Pa nyumba yathu udzaona kuti iwe uli pa 5, ndipo pambali ndalemba kuti msuweni, poti unabadwa kwa malemu amayi aang'ono a Esnath ndi a Filimoni. Utayipe momwemo.

Chaka chobadwa cha abambo ndasiya chosalemba. Iwo amangoti chaka cha dzombe, nkhondo isanayambe. Zimenezo zimandiuza kuti ndi aakulu kwa yani, koma osati ndi zaka zingati.

Kodi akwawo kwa Taison anena tsiku lotumiza munyai wawo, mthenga wa zaukwati uja, kudzayamba nkhani ya ukwati wanu? Undidziwitse msanga kuti ndipemphe chilolezo kuno.

Ndine mlongo wako,
Crispin


Harare, 27 Meyi 1983

Abigail,

Moni nonse. Sindinalandire yankho, ndipo mwezi ukutha. Ndaganizira zifukwa zitatu: kalata inasochera, abwana akuletsa makina, kapena mutu wako wadzaza ndi Taison. Choyamba ndachichotsa, poti ndinatumiza mosayinira ndipo kupositi andionetsa kuti inalandiridwa. Ngati ndi chachiwiri, ungobweza mapepalawo, sindikwiya. Ngati ndi chachitatu, kumbukira kuti ukwati udzakupeza koma mphunzitsi wanga sadikira.

Za amayi sunandiuzebe.

Crispin


Mutare, 2 Juni 1983

Kwa a Crispin,

Moni. Amayi ali bwino, chifuwa chinatha. Abambo ali bwino. Chilala chokha ndicho chikudetsa anthu nkhawa kuno.

Mapepala anu ndi awa. Ndatayipa monga munalembera, sindinasinthe kanthu. Abwana sanaletse makina. Kalata sinasochere. Taison alibe mlandu.

Ndili ndi funso limodzi la sukulu yanuyo. Mukuti manambala a ubale ndi mayina chabe ngati a pamalaya a mpira. Nanga bwanji abambo sali pa 6, ndipo a Mhlanga a lendi a chipinda chakumbuyo sali pa 1? Potayipa tsamba la kwathu ndinawerenga kutsika: abambo, amayi, inu, achemwali a Evah, kamwana kawo kongoyamba kukwawa, ine, kenako a Mhlanga. Kwa ine waoneka ngati mzere wochokera pa mpando wa abambo kulowera ku geti, ndipo wondiposa kuyandikira geti ndi wa lendi yekha.

Ndinalowa m'nyumba imeneyi ndili ndi zaka zitatu. Palibe amene anandibisirapo za amayi ondibala, chithunzi chawo chili pakhoma. Koma palibenso amene anandiwerengapo chotere. Zikomo pondiwerenga.

Ndine msuweni wanu,
Abigail


Harare, 8 Juni 1983

Wokondedwa Abigail,

Zikomo, ntchito ndi yaudongo, palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Ndapereka dzulo.

Ndikuona kuti wakhumudwa, ndipo ndikupepesa kuti wamva choncho. Koma tisiyanitse zinthu. Kupweteka mtima si umboni. Wolemba bukulo anayenera kuyambira penapake, ndiye anayambira pa mutu wa banja. Akanayambira kwina manambala akanasintha, koma chiwerengero cha anthu a gulu lililonse chikanakhala chomwecho. Palibe amene akupimidwa kulemera kwake.

Chachiwiri, lamulo la magulu otere ndi lakuti munthu aliyense agwere m'gulu limodzi lokha. Funso linali lakuti anakubala ndani, osati amakukonda ndani. Ndikanakulemba pa 3 ndikanalemba chinthu chosaona, ndipo anzanga onse akamasintha mayankho chifukwa cha chikondi, ziwerengero za dziko latsopanoli zidzakhala nthano. Dzikoli likuyamba kumene kudziwerenga lokha, tisayambe ndi mabodza ngakhale okoma.

Siya nthabwala yosayina kuti msuweni. Kunyumba ndiwe yemwe uja.

Crispin


Sakubva, 20 Juni 1983

Mwana wanga Crispin,

Moni m'dzina la Ambuye. Ife tili moyo. Sindine wa makalata, koma iyi ndalemba ndekha pa thebulo la amayi ako, chifukwa sindifuna kuti munthu wina aimve.

Loweruka lapitalo kunabwera munyai wa kwa Taison. Ndinavala jekete, amayi ako anasesa bwalo kawiri, a Mhlanga anatibwereka mipando. Munthu uja anafika, anaomba m'manja mwaulemu, koma mpando anaukana. Anati, "Baba, musandione ngati wamwano. Ndabwera kudzangopereka moni. Mtsikana watiuza kuti nkhani yake tikaiyambire ku Bvumba, kwa bambo ake omubala."

Ndinati, "Bambo ake ati?"

Anati, "Akuti a Filimoni."

Ndinaima ndi jekete langa ngati munthu wosiyidwa ndi basi. Akazi a nyumba yoyandikana anali pa mpanda, akunamizira kuyanika zovala zouma kale. Lamlungu kutchalitchi mkulu mnzanga anandikokera pambali, anati, "A Makaiko, mwana uja mwamuchita chiyani?"

Madzulo ake Abigail anaika pepala lako patsogolo pathu, limene anadzitsalira nalo potayipa ndi kaboni, natenga chikwama kupita kwa mnzake Petronella ku Dangamvura. Sanakweze mawu. Anangoti, "Wophunzira wa m'nyumba muno wandiuza malo anga."

Za manambala ako ine sindidziwa. Kufakitale ya matabwa ndakhala nambala zaka zonsezi ndipo sizinandiphe. Chandibaya ndi liwu limene unalemba pambalipo. Crispin, kodi ukudziwa msuweni? Msuweni ndi mwana wa amalume ako, kapena wa azakhali ako. Kwathu ku Dedza ameneyo ndiye umaseka naye nthabwala zosayenera pamaso pa akulu, ndipo ukafuna umamukwatira, anthu navina. Mwana wa mng'ono wa amayi ako si msuweni. Esnath anali mayi ako. Mwana wake ndi mlongo wako, bere limodzi, ndipo liwu lina lomutchulira palibe. Iwe watenga mlongo wako amene unkasamba naye m'bafa limodzi, wamulemba pa pepala kuti ndi mkazi woti ungathe kumukwatira, n'kumupatsa yekha kuti atayipe. Amayi ako atamva anaphimba nkhope ndi chitenje.

Sindikukutukwana. Mbali ina ndi yanga. Munakulira Chishona mumsewu, Chingerezi kusukulu, ndipo Chinyanja ndinkakupatsani pokalipa ndi popemphera basi. Koma Abigail liwulo amalidziwa, poti amakhala ndi amayi ako kukhitchini pamene iwe uli m'mabuku.

Filimoni anachoka maliro a Esnath asanathe n'komwe, ndipo sanabwerepo kudzaona mwana. Ngati Abigail akufuna kuti iyeyo akhale pamkeka polandira alendo a Taison, ine sindingaletse. Koma ndikuuze zoona, mwana wanga: ndakhala ndikudikira tsiku limenelo.

Ndine bambo ako,
Makaiko


Harare, 26 Juni 1983

Abigail, mlongo wanga,

Kalatayi ndatumiza kwa Petronella. Ngati uli ku Bvumba akusungira. Uiwerenge mpaka kumapeto, kenako uchite nayo zimene ukufuna.

Nditalandira kalata ya abambo ndinachita zimene ndinayenera kuchita poyamba: ndinakafufuza. Mulaibulale muli dikishonale yakale ya Chinyanja ndi buku lina la ubale wa Achewa. Onse awiri akugwirizana ndi abambo. Ndinali nditatenga liwu la Chingerezi, limene limaunjika ana a amalume, a azakhali, a amayi aang'ono ndi a abambo aang'ono m'thumba limodzi, n'kuliveka liwu lathu limene ndinkalimva patali. Nditawerenga tanthauzo lake ndinatseka bukulo, ndipo kwa kanthawi sindinafune kuti wina aliyense m'chipindamo andione nkhope.

Ndinakulembera kuti kukuika pa 3 kukanakhala bodza. Tsopano ndikuona kuti funso lija silinali lakuti anakubala ndani. Linali lakuti ndiwe ndani m'nyumba muno, ndipo yankho limadalira mmene eni nyumba amadulira magulu awo. Magulu a m'bukumo anadulidwa kutengera nyumba za kwa wolemba wake. Nditabwerera ku mapepala anga ndinapeza anthu ena asanu ndi mmodzi a m'makomo a ku Sakubva amene eni ake anandiuza kuti "mwana wathu", ine n'kuwafunsitsa mpaka kuwatsitsira pa 5. Ndinkayesa kuti ndikukonza mayankho awo. Ndinkawaononga.

Funso lako lija ndinaliyankha mwachipongwe, ndiye tsopano ndaliyesa. Njira yodziwira ngati manambala ndi mayina chabe ndi yosavuta: uwasakanize, uone ngati wina adandaule. Ndinalembanso mndandanda, wa lendi pa 1, mdzukulu pa 2, mutu wa banja pa 6, n'kupita nawo kwa mphunzitsi. Anauyang'ana, anakweza magalasi, anati, "Ichi n'chiyani? Wa lendi pamwamba pa mwini nyumba?"

Ndinati, "Munatiphunzitsa kuti palibe pamwamba kapena pansi."

Anati, "Pa masamu palibe."

Ndinati, "Nanga chakudabwitsani n'chiyani?"

Anaseka, anati ndisamutayitse nthawi. Koma umboni ndinali nditaupeza. Pa masamu manambalawo ndi mayina, koma amene anawandandalika anatsata kuyandikira kwa munthu ku mpando wa mwini nyumba, ndipo aliyense wowerenga amauona mzerewo. Iwe unauona. Ine, amene ndinakulembera masamba awiri a mitundu ya manambala, sindinauone.

Ndapempha kuti andibwezere ntchito ija ndikonze. Wakana, akuti inalembedwa kale m'kaundula. Ndalemba tsamba lina lofotokoza cholakwacho ndipo walilandira mosakondwa. Zimenezi sizikuthandiza iwe, ndikudziwa.

Sindikupempha kuti undikhululukire, poti ndilibe chifukwa chokwanira choti ndikupatse. Ndikungonena chimodzi. Abambo sanalembe pepala lija. Sanaliwone n'komwe mpaka tsiku limene unaliika pathebulo. Ngati pali woyenera kuchotsedwa pamkeka tsiku la alendo a Taison, ndine.

Crispin


Sakubva, 5 Julayi 1983

Achimwene,

Moni. Kalata yanu ndinaipeza kwa Petronella nditabwera kuchokera ku Bvumba. Musaganize kuti ndiyo inandibweza, ndinali nditabwerera kale. Mumakonda zoona, ndiye ndikupatsani zoona.

Ndinakwera lole ya matabwa mpaka pamphambano, kwinako ndinayenda pansi. Kunali nkhungu yoti sungaone mapazi ako. Anthu anandilozera munda wa maluwa kumene a Filimoni amagwira ntchito. Ndinawapeza atagwada, akuthira dothi m'timapepala ta mbande. Ndi aafupi kusiyana ndi mmene ndinkaganizira. Makutu awo ndi angawa. Ndinaima n'kumayang'ana makutuwo.

Anandipatsa moni m'Chishona, anayesa ndabwera kudzafuna ntchito. Anati, "Kuno salemba akazi mwezi uno, mwanangu." Nditayankha m'Chichewa anadzuka, anapukuta manja pa ovololo, nkhope yonse inawala. Anati, "Ah, wakwathu! Ndiwe mwana wa yani?"

Achimwene, njira yonse pa lole ndinkaloweza mawu oti ndidzanene. Koma pakamwa panayankha pokha, monga ndayankhira kusukulu, kuchipatala ndi pa msika moyo wanga wonse. Ndinati, "Wa a Makaiko a ku Sakubva."

Anati, "Makaiko, Makaiko... uja anakwatira mkulu wake wa Esnath? Akadali moyo? Munthu wabwino ameneyo." Kenako anati, "Paja panali kamwana. Kodi kanakula?"

Ndinati, "Kanakula."

Anati, "Zikomo Mulungu. Mukakapatse moni." Ndiye anagwadanso pa mbande zake, poti kapitawo ankabwera.

Sindinalire. Ndinayenda mpaka pamphambano, ndipo m'pamene manyazi anandigwira, osati chifukwa cha iwo koma chifukwa cha abambo. Inu munandilasa ndi pepala, ine n'kukalasa munthu amene sanandilakwire, pamaso pa mlendo ndi pamaso pa akazi a pampanda. Amayi andiuza za jekete.

Nditafika kunyumba abambo anali pakhonde akukonza tcheni cha njinga. Ndinagwada patali. Iwo sanadzutse mutu, anangoti, "Gwira apa, wandipeza ndikusowa dzanja lachitatu." Ndinagwira gudumu. Mpaka lero sitinakambe china, ndipo sindikudziwa ngati tidzakambe.

Koma nkhani sinathe. Akwawo kwa Taison aimitsa zonse. Sekuru wake, mkulu wa banja lawo ku Zimunya, akuti sangatumizenso munyai ku nyumba imene mwana amasintha bambo pakati pa sabata. Akuti, "Lero Sakubva, mawa Bvumba, mkuja atiuza Beira." Taison wayesa kuwachonderera, koma iwo akufuna munthu wamwamuna wa m'banja lathu apite yekha akafotokoze chimene chinachitika, kuyambira pachiyambi. Abambo anati apita. Ine ndakana. Aima kale kamodzi pamaso pa anthu amenewo opanda choyankha, sadzaimanso kachiwiri chifukwa cha ife.

Munalemba kuti muchotsedwe pamkeka. Ayi, kumeneko n'kuthawa. Mlongo wa mkwatibwi sachoka pamkeka, ndipo mlongo wamwamuna ndili naye mmodzi. Mukwere sitima ya Lachisanu. Loweruka Taison adzakuperekezani ku Zimunya. Mukavule nsapato pakhomo, mukakhale pansi, mukaombe m'manja, ndipo mukawauze akulu aja zonse: manambala anu, mitundu yake inayi ngati angapirire, ndi liwu lija, tanthauzo lake lonse, osadumpha mbali ya kukwatira. Akaseka, muwasiye aseke mpaka atope.

Mukawafotokozere m'Chishona, poti Chichewa chinakukanikani.

Ndine mlongo wanu,
Abigail